Sukulu ya M'munda ku Nthalire

Njira zazikulu zopita ku Nthalire ndi ziwiri, ndipo zonse zimafuna munthu wopirira. Wochokera ku Rumphi amadzera ku Bolero, n'kulowa m'nkhalango ya Nyika pa chipata cha Thazima, n'kukatulukira pa chipata cha Kaperekezi, kenako kutsetsereka mpaka kukafika. Wochokera pa boma la Chitipa amalunjika kummwera, mapiri a Mafinga ali kudzanja lamanja, kudutsa madera a Chisenga ndi Wenya. Mbali yaikulu ya msewuwu ndi ya dothi. Chilimwe ndi fumbi lofiira lokhalokha, dzinja ndi matope oti galimoto imayenda chopingasa ngati nkhanu. Za phula la msewu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa anthu akhala akumva kwa zaka zambiri, moti ukaitchula nkhaniyi amangomwetulira n'kuyamba ina.

Ine ndinapitako mwezi wa February, chimanga chili m'chiuno, pa ntchito yanga yongodzipereka yophunzitsa za ukhondo ndi kadyedwe kabwino. Dzikoli ndi lokongola, lozizira m'mawa, la zitunda zodzaza mitengo ya mombo ndi masuku. Anthu amalima chimanga, nyemba, mawere ndi mbatata, ndipo ambiri amaweta ng'ombe. Boma la Chitipa limadziwika ndi zilankhulo zambiri, monga Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinyiha, koma kuno kummwera n'kwa Chitumbuka. Ukadutsa munthu osanena "monire", ndiye kuti mwambo wakupita.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani, owerenga, si msewu kapena mapiri. Ndi sukulu ina imene ndinaiona, yopanda denga, yopanda belu, yopanda mwana ndi mmodzi yemwe kupatula makanda a kumsana.

Amaitcha sukulu ya m'munda. Alimi a m'mudzi umodzi, amayi ndi abambo, amagwirizana kupatula munda umodzi kuti ukhale kalasi yawo kuyambira pobzala mpaka pokolola. Amakumana kamodzi pa mlungu, m'mamawa mame asanaume, chifukwa nthawi imeneyo tizilombo timakhala tisanabisale. Nzeru imeneyi siinayambire kuno. Bungwe la FAO linaiyambitsa ku Indonesia mu 1989, pamene alimi a mpunga ankapopera mankhwala ambiri koma tizilombo n'kumangochulukabe, popeza mankhwalawo ankapha ndi tizilombo tabwino tomwe timadya toonongato. Ku Malawi kuno sukulu zotere zafala kudzera mwa alangizi a zaulimi, ndiponso pulogalamu ya KULIMA, ya thandizo la European Union, imene Chitipa anali limodzi la maboma ake.

Kachitidwe kake ndi aka. Ophunzira amagawikana m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu, n'kulowa m'mizere. Gulu lililonse limasankha mapesi angapo, kuwayeza kutalika, kuwerenga masamba, kusuzumira m'ntchofu ya phesi, kutembenuza tsamba lililonse, ngakhale kufukula dothi la patsinde kuti aone chinyezi. Tizilombo tomwe apeza amatiika m'kabotolo kapena m'jumbo. Akatero amakakhala pamthunzi ndi chipepala chachikulu, n'kujambula phesi lonse kuyambira mizu mpaka nsonga. Pamwamba amajambula dzuwa kapena mitambo, malinga ndi mmene kwachera. Mbali imodzi ya phesi amaikako adani a mbewu, mbali inayo abwenzi ake. M'munsi amalemba zimene aona ndi zimene agwirizana kuchita. Pomaliza gulu lililonse limaimirira kufotokoza chithunzi chake, anzawo n'kumalifunsa mafunso, nthawi zina owawa ndithu.

Munthu wodutsa angayese masewera a ana. Ine ndikuti kujambulako ndiye mutu wa sukulu yonse. Mlimi akhoza kulowa m'munda mwake zaka makumi atatu osadziwa kuti mbozi ili ndi miyendo ingati, koma umuuze kuti aijambule, ayenera kuiyang'anitsitsa. Mbozi ya ntchemberezandonda ya mtundu watsopano, imene inachokera ku America n'kuoneka mu Africa mu 2016, n'kusautsa dziko lathu kwambiri mu 2017, imadziwika ndi zizindikiro ziwiri: pamutu pake pali mzere wooneka ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za nyumba. Mayi wina wachikulire, amene sanapondeko m'kalasi ali mwana, ndiye ankajambula mbozi imeneyi bwino koposa onse, mpaka ndi ndowe zake zonga utuchi zimene imasiya m'ntchofu. Anzake ankamupatsa cholembera mwaulemu, "Jambulani ndinu, amama," iye n'kugwada pachipepalapo, lilime lili kunja pang'ono ngati mwana wa Sitandade 1. Ndipo Y wa pamutu pa mboziyo ndiye chilembo choyamba chimene anachizindikira pa bolodi.

Apa ndi pamene sukulu ya m'munda imakumanira ndi ina yakale, sukulu ya kwacha. M'munsi mwa chithunzi muja mumafunika mawu, ndipo amene satha kulemba amayamba kumva kuti akutsalira. Ena mwa amayiwa amapita masana ku kalasi ya akuluakulu, pansi pa pulogalamu ya boma imene inakhazikitsidwa m'dziko lonse mu 1986, yomwe buku lake lodziwika ndi Chuma ndi Moyo. Chigawo cha kumpoto chili ndi mbiri ya sukulu kuyambira masiku a Robert Laws, amene anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, ndipo ambiri kuno amawerenga. Komabe alipo amene anakula sukulu ya pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, makamaka asungwana, amene makolo anasankha kulipirira mlongo wawo wamwamuna. Alipo ena amene analekezera m'kalasi yachiwiri n'kuiwala zonse. Abambo otere alipo, koma ku kwacha sapitapita, manyazi amawagwira. Ku sukulu ya m'munda amabwera mosavuta, chifukwa palibe amene amachita manyazi kuphunzira za chimanga. Akafika, cholembera chimawapeza komweko.

Pali chovuta china chimene ife a chigawo chapakati ndi kummwera sitichiganizira. Buku la kwacha lili m'Chichewa, pamene mayi wa ku Nthalire amalota ndi kukalipa m'Chitumbuka. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'sukulu, zowerenga za m'Chitumbuka zakhala zochepa. Ndiye wophunzira wamkulu amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi, zilembo ndi chilankhulo. Mlangizi wanzeru amayambira pa mawu a m'munda omwe wophunzira amawadziwa kale: ntchunga, zimene ife timati nyemba, lipoko, amene ife timati mawere, ngoma, chimene ife timati chimanga. Pa mawu otsirizawa ndinaona phunziro lokoma. Mlangizi analemba ngoma, kenako ng'oma, n'kufunsa kusiyana kwake. Kachizindikiro kakang'ono ngati nyerere ndi kamene kamalekanitsa chakudya ndi choimbira. Kalasi inaseka mpaka misozi, koma palibe amene adzakaiwale.

Monga munthu wa zaumoyo, chimene chinandikhudza kwambiri ndi botolo la mankhwala opopera. Mbozi ikavuta, mlimi amathamangira pamsika, ndipo zonse zoteteza moyo wake zili pa pepala lomatidwa pa botolo, kawirikawiri m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono: mlingo wake, zovala zodzitetezera, ndi masiku oyenera kudikira munthu asanathyole kanthu m'mundamo. Kumbukirani kuti m'munda wa chimanga wa kumudzi ndi momwenso mayi amathyola nkhwani, khwanya, chisoso ndi bonongwe. Akapopera m'mawa bambo, mayi n'kuthyola ndiwo madzulo, poizoni walowa mumphika wa ana. Botolo likatha, ena amalitsuka n'kusungiramo mchere kapena mafuta ophikira. Pa sukulu ya m'munda amaphunzira kuti mzere wofiira m'munsi mwa pepalalo ukutanthauza mankhwala oopsa koposa, wachikasu ndi wabuluu akutsatira, ndipo wobiriwira ndi wocheperako ukali, ngakhale nawonso si wosewera nawo. Amaphunziranso kuti asanagule botolo ayambe ayesa zina: kuyendera munda kawirikawiri n'kuphwanya mazira a gulugufe pamasamba, kutola mbozi ndi manja, kuthira dothi kapena phulusa m'ntchofu, kugwiritsa ntchito masamba a nimu kapena mthuthu, ndi kusiya nyerere ndi mavu kuti zigwire ntchito yawo. Pa munda wa sukulu amagawa zigawo, china njira iyi, china njira iyo, n'kudikira kuti nkhokwe idzaweruze. Mlangizi salamula, amangofunsa kuti mwaona chiyani.

Mayi amene waphunzira kuwerenga nambala pa botolo ndi yemweyo amene mawa adzawerenga tsiku la katemera m'kabuku ka kusikelo, ndi kuona yekha ngati mzere wa kulemera kwa mwana ukukwera kapena ukutsika. Ife timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi zithunzi zosindikizidwa ku tauni, zina za zipatso zimene kuno sizipezeka. Gulu la kuno linajambula magulu akewo ndi zakudya za m'minda yawo, masuku ndi bowa zili pomwepo, ndipo chithunzi chawo chinaposa changa.

Pali ntchito ina imene gululi linayamba lokha, popanda mlangizi. Nkhalango ya Nyika inakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978, ndipo pokulitsapo mabanja ambiri anasamutsidwa. Alendo ochokera kutali amapita ku Chilinda kukaona mbidzi, ntchefu ndi maluwa a mitundu yoposa 200 a gulu la orchid, pamene ambiri okhala m'mphepete mwake sanafikeko. Koma okalamba amene anabadwira m'mapirimo akudziwabe dzina la mtengo uliwonse, ntchito yake, ndi mwezi umene umachita maluwa. Alimi a njuchi amazifuna nzeru zimenezi, chifukwa ndi zimene zimawauza nthawi yopachika ming'oma ndi yofula uchi. Tsono gululi linagula kope limodzi. Agogo wina wamwamuna amatchula dzina la mtengo, mdzukulu amakathyola tsamba, mayi wojambula uja amalijambula, ndipo amene dzanja lake lakhwima amalemba dzinalo m'Chitumbuka ndi ntchito yake. Pamene agogo awiri atsutsana za dzina, amalemba onse awiri. Ndinachenjeza kuti pa mitengo ya mankhwala asalembe milingo ngati kuti ndi malangizo a dokotala, ndipo anavomera kulemba za matabwa, luzi, zipatso ndi njuchi basi.

Kopelo amalisunga m'jumbo ziwiri kuopa chinyezi ndi chiswe, m'nyumba ya msungichuma, pamodzi ndi zipepala za mlungu uliwonse zokulungidwa ngati mphasa. Akuti pa tsiku la chionetsero, chimanga chikauma, adzazipachika zonse pa chingwe m'mphepete mwa munda, kuyambira phesi la masamba atatu mpaka la ngayaye ndi chisononkho, kuti amfumu ndi a midzi yoyandikana adzayende nazo mmodzimmodzi. Vuto lawo pakali pano ndi zolembera za mitundu. Chobiriwira chinatha kalekale, moti masamba a mwezi uno akuwapaka ndi tsamba lenileni la dzungu, lofinyidwa ndi chala pa pepala.