Ulendo wa "zonse zili momwemo" wopita ku Victoria Falls

Akonzi,

Masiku ano magulu ambiri, kaya a banki m'khonde, a aphunzitsi kapena a amayi akumpingo, ayamba kusonkherana ndalama kuti akaone malo kunja kwa dziko lino. Anthu okonza maulendo otere nawo achuluka, ndipo mawu awo okopera ndi amodzimodzi: lipirani kamodzi, zonse zili momwemo. Ndiloleni ndifotokoze zimene gulu lathu la kuno ku Namitete lidakumana nazo pa ulendo wake woyamba wopita ku Victoria Falls m'dziko la Zambia, kuti ena amene akusonkha ndalama panopa adziwiretu.

M'gulu lathu mudali aphunzitsi, alimi a fodya ndi mtedza komanso amayi a geni. Tidayamba kupereka ndalama pang'onopang'ono titangokolola m'chaka cha 2023. Wokonza ulendo, amene sindimutchula dzina, adati mtengowo ukuphatikiza basi, pogona, chakudya ndi zolipira polowa pamathithi. Tidamupempha kuti atilembere zonsezi papepala. Iye adati abwera nalo, koma mpaka tsiku lonyamuka pepalalo silidaoneke.

Vuto loyamba lidatipeza tisadakwere n'komwe basi. Kumayambiriro kwa Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Patangopita masiku ochepa uthenga udafika pa WhatsApp kuti aliyense awonjezere ndalama, apo ayi atsale, ndipo zimene adapereka kale sizibwezedwa. Mayi wina adagulitsa mbuzi ziwiri kuti asataye thukuta lake la miyezi ingapo.

Tidanyamuka m'bandakucha kumapeto kwa mwezi womwewo pa msewu wa M12, kudutsa pa Kamwendo ndi pa boma la Mchinji. Chipata cha Mwami tsopano n'chamakono. Adachitsegulira mu Disembala 2022, ndipo wapaulendo amathana ndi maofesala a maiko onse awiri m'nyumba imodzi. Komabe mnzathu wina adatsala pomwepo. Wokonza ulendo adamuuza kuti bodapasi ndi yokwanira, chikhalirecho imathandiza anthu ongopita kufupi ndi malire, monga ku Chipata. Ku Livingstone kumafunika pasipoti. Bamboyo adabwerera ku Namitete pa minibasi, chikwama chake chili pamiyendo, nkhuku yootcha ya kamba isanadyedwe.

Titangowoloka, mafoni ambiri adati zii. Amene adasunga ndalama zawo m'foni adasowa pogwira, poti wosaloledwa kugwiritsa ntchito nambala yake kunja amayenera kugula simu khadi ya ku Zambia ndi kuilembetsa ndi pasipoti. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu adatiunjirira. Dziwani kuti kwacha ya ku Zambia ndi mnzake wa yathu pa dzina pokha. Mpukutu wodzadza thumba udasanduka timapepala towerengeka.

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East Road. Kuyambira ku Katete mpaka ku Petauke munthu sudziona ngati mlendo: minda, nkhokwe, njinga zonyamula makala ngakhale chilankhulo, zonse ndi zakwathu. Dziko limasintha ukadutsa Nyimba. Msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka kutsikira pa mlatho wa Luangwa, pomwe amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Kutentha kwa m'chigwachi mu Novembala kuli ngati kwa ku Nsanje. Basi "yapamwamba" imene tidalonjezedwa idali kosita yotopa, ndipo itayamba kukwera mapiri a kutsidya kwa mlatho idawira n'kuima. Tidakhala pansi pa mitengo yopanda masamba mpaka dzuwa kupendeka, dalaivala ndi kondakitala akusakasaka madzi m'midzi. Ku Lusaka tidalowa pakati pa usiku, malo ogona atapatsa kale anthu ena zipinda zathu. Tidagona m'basi momwemo.

M'mawa mwake tidayenda makilomita ena pafupifupi 480, kudutsa mtsinje wa Kafue, minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, kenako Monze, Choma ndi Kalomo. Kumeneku ndi kwa Atonga, ngakhale kuti m'misika Chinyanja chimamvekabe. Ku Livingstone tidapeza kuti chipinda cha anthu awiri tigonamo anayi, ndipo chakudya chimene chidali "momwemo" ndi tiyi ndi buledi wa m'mawa basi. Nsima ya masana ndi madzulo aliyense adziwonere. Pachipata cha mathithi padatulukanso nkhani ina: wokonza ulendo adawerengera mtengo wa mbadwa za ku Zambia, pomwe mlendo wochokera kunja amalipira zochulukirapo. Tidapisanso m'matumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chidatiwawa kwambiri ndi madzi enieniwo. Eni dera amatcha malowa Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda ngati bingu, ndipo David Livingstone atafikapo mu 1855 adawapatsa dzina la Mfumukazi Victoria. Mtsinje wa Zambezi umagwera m'phompho lotalika pafupifupi mamita 1,700 m'mbali, lakuya mamita oposa 100 pena. Zithunzi zimene tidaonetsedwa ku Namitete zidali za nyengo imene mtsinjewu umasefukira, kuyambira Malichi mpaka Meyi, pomwe nthunzi imanyowetsa munthu ngati mvula. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amachepa, ndipo mbali ya ku Zambia ndi imene imayamba kuuma. Tidaima pa kamlatho ka Knife Edge titanyamula majasi a mvula, kutsogolo kwathu kuli khoma la miyala yakuda ndi timifuleni tochepa. Madzi ambiri amagwera cha ku mbali ya Zimbabwe, kumene kudafunika ndalama zina. Agogo ena adafunsa mwaulemu ngati mathithiwo atsegulidwe nthawi yanji. Tili m'kati moseka, nyani adatsomphola jumbo ya zigumu m'manja mwa msungichuma wathu n'kukadyera pamwala, akutiyang'ana.

Sindikunena kuti ulendowu udali wachabe. Kuchepa kwa madzi kudatipatsa mwayi woona kuya kwa phompho, kumene nthunzi imabisa nthawi ya madzi ambiri. Tidayendanso pa mlatho wachitsulo wa m'chaka cha 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, tikuonera anthu akudziponya m'phompho atamangidwa chingwe kumiyendo, atalipira ndalama kuti achite zimenezo. Madzulo tidaona mvuu mu Zambezi dzuwa likulowa. Koma zonsezi tidaziona ndi mtima wowerengera ngongole, ndipo ena akubwezabe ku banki m'khonde.

Akuluakulu amati safunsa adadya phula. Ife tidafunsa, koma mayankho a pakamwa sagwirika. Choncho gulu lililonse lisatulutse tambala lisanalandire pepala losainidwa lonena dzina la malo ogona, kuchuluka kwa anthu m'chipinda, chakudya kangati patsiku, wolipira pachipata ndani, komanso zimene zichitike kwacha ikagwa kapena munthu akalephera kupita. Onani ndi maso anu basi imene mukwere ndi chiphaso cha boma chololeza munthuyo kuchita bizinesi yokopa alendo. Aliyense akhale ndi pasipoti yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe, ndi ndalama yapadera m'thumba. Gawo lomaliza la malipiro lisungeni mpaka mutafika. Ndipo ngati cholinga ndi kukaona utsi wogunda uja, nyamukani mu Epulo kapena Meyi, ngakhale ikhale nthawi yokolola.

Mphunzitsi wopuma,
Namitete, Lilongwe