Ku Normandy, Kumene Bawuti Amafunsidwa Kwawo

Sainte-Mère-Église ndi katawuni kakang'ono kumpoto kwa dziko la France, m'chigawo cha Normandy, pafupi ndi nyanja yamchere. Masiku ambiri kamakhala zii, koma sabata yoyamba ya June misewu yake imadzaza ndi magalimoto akale a nkhondo. Anthu amakumbukira tsiku la 6 June 1944, pamene asilikali a America, Britain ndi Canada adakocheza m'magombe a derali kudzathira nkhondo ankhondo a Hitler. Pansanja ya tchalitchi cha pakati pa tawuni pamalendewera chidole cha msilikali, chikumbutso cha John Steele, yemwe parachuti yake idakodwa pamenepo.

Alendo ambiri amathyola khosi kuyang'ana chidolecho. Ife tidathera tsiku chowerama, pamodzi ndi anthu okonza majipi akale, tikuyang'ana tizitsulo tosaposa chala.

Nkhani yake ili chonchi, awerengi athu. Majipi a nkhondo ija, omwe ngakhale agogo athu a KAR adawaona ku Burma mu 1944, adapangidwa ndi makampani awiri. Willys ya ku Toledo idapanga pafupifupi 360,000, Ford pafupifupi 280,000. Boma la America lidafuna kuti zitsulo za galimoto ziwirizi zizitha kusinthana, motero zimafanana ngati mapasa. Koma mapasa, mayi wawo sawasokoneza.

Ford inkadinda chilembo cha F chopotanapotana pa tizitsulo tambiri, ngakhale pamitu ya mabawuti. Munthu amapala dzimbiri mosamala, ndipo F akatulukira nkhope imawala ngati msodzi woona ukonde walemera. Kumbuyo kwa jipi, pamwamba pa matayala, kuli timabokosi tiwiri tosungiramo masipanala. Chivundikiro cha Willys n'chosalala, pamene cha Ford chili ndi mizere yotukuka. Tidagwada kusuzumira kutsogolo, pansi pa rediyeta: chitsulo chopingasa cha Willys n'chobulungira ngati paipi, cha Ford chili ngati U wozondoka. Ndiye pali tizingwinjiri topisamo malamba omangira nkhwangwa ndi fosholo kumbali ya dalaivala. Timeneti timathothoka msanga ndi dzimbiri, ndipo wokonza amayamba wafufuza timabowo takale pansi pa penti asanaboole patsopano.

Tizitsuloti timanenanso chaka. Majipi oyambirira a Willys, oposa 25,000, anali ndi nkhope ya zitsulo zowotcherera chimodzichimodzi, isanabwere yodinda ya mipata 9 ija. Dzina la kampani linkalembedwa kumbuyo kwa galimoto mpaka mu 1942. Pofika mu 1944, makampani onse awiri ankagula bodi imodzimodzi ku American Central ya ku Indiana, choncho bodi payokha sinena kwawo kwa galimoto.

Wina angafunse kuti zonsezi n'zachiyani. Ndalama, abale! Kuyambira mu 1955 mpaka 1966, kampani ya ku France ya Hotchkiss idapanga majipi ofanana nawo oposa 27,000, otchedwa M201. Ambiri a iwo lero apakidwa nyenyezi yoyera ya asilikali a America, ndipo amayenda m'katawunika monyadira ngati adaiona nkhondo, chikhalirecho adabadwa nkhondo itatha kalekale. Ife sitikuona cholakwa ngati mwini wake akunena zoona. Cholakwa chimabwera pogulitsa, pakuti jipi ya 1944 mtengo wake ndi wina.

Komabe bawuti mmodzi si mboni yokwanira. Asilikali a France ankaphwasula majipi ku La Maltournée, pafupi ndi Paris, n'kuwamanganso ndi chitsulo chilichonse chabwino chomwe chili pafupi, kaya cha Ford, cha Willys kapena cha Hotchkiss. Makaniko wa usilikali analibe nthawi yofunsa mtundu wa bawuti. Kuwonjezera apo, masiku ano mabawuti atsopano a F amagulitsidwa, ndipo mabodi athunthu amachokera ku Philippines. Ngakhale timbale ta manambala tokhomedwa pa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando timagulika topanda kanthu, munthu n'kudindapo yekha.

N'chifukwa chake odziwa amathera pa felemu. Willys inkakhoma kambale ka nambala kutsogolo kwa felemu kumanzere. Ford inkadinda nambala pachitsulo chenicheni cha felemu, kumanzere komweko, ndipo injini yomwe galimoto idatuluka nayo mufakitale inali ndi nambala yomweyo.