Kodi Cithunzi Copatulika Tingaciseke?

Anzanga acinyamata a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, lero ndabwera ndi nkhani ya masewera a pa kompyuta, ndipo musafulumire kutembenuza tsamba.

Kuli mkulu wina dzina lake Joe Richardson. Iye anatenga zithunzi zakale zojambulidwa ndi akatswiri a ku Ulaya monga Hieronymus Bosch ndi Pieter Bruegel, n'kudula tianthu ta m'zithunzimo pa kompyuta kuti tiziyenda ndi kulankhula. Wosewera amangoloza malo, n'kudina, kamunthu kaja kamapita kukatola cinthu kapena kukafunsa funso. Masewera amenewa, ochedwa Four Last Things, anatuluka mu 2017, ndipo ena, The Procession to Calvary, anatsatira mu 2020.

Nkhani ya Four Last Things ndi iyi. Munthu wacita macimo onse akuluakulu asanu ndi awiri, ndipo wafika pa chalichi kudzaulula. Akuluakulu a pamenepo akumuuza kuti macimo akewo anawacitira m'parishi ina, conco iwo sangawalandire. Ngati afuna cikhululukiro, ayambe wawacitanso onse kuno kwawo! Ine nditaona zimenezi pa kompyuta ya msuweni wanga ndinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinakhala duu, cifukwa ndinakumbukira anthu amene amafika pa mpingo ali ndi mtima wosweka, ife n'kuyamba ndi funso lakuti, “Kalata yanu yosamukira ili kuti?” Nthabwala imeneyo sinanyoze Mulungu ayi. Inalasa ife.

Mwina wina anena kuti izi n'zacizungu. Koma inu a kuno mukudziwa zimene zimacitika ku Mkaika mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. M'Gule Wamkulu muli Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, mulinso Maliya. Makolo athu anatenga maina amene anamva kwa amishoni n'kuwapatsa mapazi ovinira, anthu n'kumaseka, amishoni n'kumakwiya. Sindikukutumani ku dambwe, abusa angandiitanitse. Ndikungoti kuseka zinthu zolemekezeka sikunabwere ndi kompyuta.

Masewerawa si a ana. Muli nthabwala zina zolaula, ndipo m'masewera aciwiriwo wosewera angathe kubaya anthu ndi lupanga m'malo moganiza njira yabwino. Zoterezo ine sizindikomera, ndipo sindingawaonetse ku Sande Sukulu. Pali kuseka kumene kumavula munthu wonyada cipewa, palinso kuseka kongofuna kudetsa. Richardson ali nako konse kuwiri, ndipo nthawi zina m'cithunzi cimodzi.

Cimene candikhalira mumtima kwambiri ndi cithunzi ceniceni cimene masewera aciwiri anatengako dzina. Bruegel anacijambula mu 1564, ndipo cimasungidwa ku Vienna. Ndi ulendo wa Yesu wopita ku Gologota. Mungayembekeze kuti Ambuye akhale wamkulu patsogolo, monga pa makalendala a m'nyumba zathu. Si conco. Pali khamu la anthu mazanamazana, asilikali a malaya ofiira ali pa akavalo, ana akusewera, wamalonda wakhala pansi ndi katundu wake, ena akuthamangira kukapeza malo abwino oonera, ngati tsiku la mpira. Yesu ali pakati penipeni, wamng'ono, wagwa ndi mtanda wake, ndipo ambiri sakumuyang'ana n'komwe. Anthuwo anawaveka zovala za kwawo ndi za nthawi yake, kuti woona adzipeze yekha m'khamumo. Akadakhala wa kuno, bwenzi atajambula njinga za makala ndi amai ogulitsa tomato pa msika wa Katete.

Pa msonkhano wanu wotsatira, amene ali ndi foni ya intaneti afunefune cithunzici, ciyende m'manja mwa aliyense. Musamuuze mnzanu pamene pali Yesu. Mlembi awerenge nthawi imene aliyense atenge kuti amupeze.