Tambula ya Madzi ya Agogo

Achinyamata anzanga, sabata ino ndikambe nkhani imene ambiri timaichitira manyazi, ndiyo ya kudzimbidwa.

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasefukiritsa mitsinje ya Ruo ndi Shire, ife a ku Chiromo tidathawira kumtunda. Titabwerera kwathu, agogo anga aakazi adali atasintha. Ankangotema nsima kawiri n'kusamba m'manja, ndipo ndikawafunsa ankati, "Palibe kanthu, mdzukulu wanga." Usiku wina ndidawamva akubuula kuchimbudzi, ndipo kutacha adaululira amayi kuti patha masiku asanu asakudzithandiza. Kumsasa kuja adazolowera kumwa madzi pang'ono poopa kukaima pamzere wa kuchimbudzi akamwini awo akuona, ndipo chizolowezicho adabwerera nacho kumudzi.

Amalume, amene adabwera kuchokera ku Johannesburg kudzatipepesa, adatulutsa m'chikwama mwawo paketi ya psyllium. Amenewa ndi mankhusu a njere za chomera chotchedwa Plantago ovata, chimene chimalimidwa kwambiri ku India. Akakhudza madzi amafufuma n'kuyamba kuterera ngati therere, ndipo m'matumbo amasunga madziwo kuti chimbudzi chifewe.

Apa ndipo ndidalakwa. Pofuna kuti achire msanga, ndidathira masupuni awiri aakulu m'timadzi ta theka la kapu. Pofika madzulo mimba idatupa, agogo akubuula koposa kale. Ndidachita mantha, ndipo m'mawa tidawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala.

Anamwino atawayeza sadandikalipire. Adandilangiza kuti munthu ayambe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi mu tambula yodzaza, pafupifupi mamililita 250, amwe nthawi yomweyo madziwo asadalimbe, kenaka atsirepo tambula ina. Popanda madzi okwanira, mankhusuwa angathe kutsamwitsa munthu kapena kutseka matumbo. Mapiritsi a agogo a BP atalikirane nawo ndi maola awiri, ndipo tidikire tsiku limodzi mpaka atatu kuti agwire ntchito. Adachenjezanso kuti wosanza, woonda mosadziwika bwino, womva ululu waukulu kapena woona magazi m'chimbudzi asayambe ndi mankhusu, koma athamangire kuchipatala.

Patsiku lachitatu agogo adapempha okha mtanda wachiwiri wa nsima. Palibe amene adafunsa chifukwa, tonse tidangomwetulira.

Paketi ija idatha patapita milungu ingapo, ndipo ina sitidaipeze. Koma paja akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tidabwerera ku mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, tidachulutsa nandolo, khobwe, therere, mapapaya ndi malambe. Zonsezi zili ndi zija tidazifuna m'paketi yochokera kutali.

Chimene chidawazunza agogo kwenikweni adali manyazi: manyazi adawaletsa madzi, manyazi omwewo adawatseka pakamwa. Kuno kuchigwa, kumene mu Okotobala kutentha kumapyola madigiri 40, nkhalamba yosamwa madzi ili pangozi. Tsono m'mawa uliwonse ndimagwada pakhonde ndi tambula ya madzi owiritsa n'kunena kuti, "Agogo, imwani ndikuona." Iwo amandinena kuti ndine wovuta, koma amamwa.

Kodi inu, achikulire a kwanu mudawafunsa liti za m'mimba mwawo? Sabata ino afunseni, mwaulemu ndiponso pambali.