Anyani Asekana Zikundu

Pa 13 July 2023 atsogoleri a mipingo anayenda ndi makamu m'miseu ya Blantyre ndi mizinda yina, kukana ukwati wa amuna okhaokha ndi wa akazi okhaokha. Ifenso kuno kwa Wimbe tinabvomereza ndi mau okweza. Koma ine, wophunzitsa ana anu zaka zambiri, ndifunsa: kodi cangu cimeneci cibisala kuti pamene ucimo uli wathu?

Ciyambire 2017 lamulo lalikuru la dziko liletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18. Koma ndaona atsikana alikucoka m'sukulu, ndipo owakwatitsa ndiwo oyimba nafe tsiku la Mulungu. Ndaonanso matenanti atathyola fodya ndi kumsoka, mwini munda, ndiye mkulu wa mpingo, nawawerengera ngongole ya cimanga kufikira malipiro onse atha. Cifukwa ca amenewa sanayende munthu m'mseu.

Kudzudzula coipa cosatiyesa ife nkwapafupi, pakuti sikutitayitsa kanthu. Tisanaloze wina cala, tiyambe tapatsa wanchito mphotho yace, ndi kubwezera mwana kusukulu. Pamenepo akunja adzachera khutu ku mau athu.