Nkhuku zapamsewu wa Ntchisi

Msewu wochoka ku Ntchisi kukatulukira pa Mponela umadzuka m'mamawa, ndipo oyamba kuuyenda ndi anyamata a njinga zakapalasa atamangirira madengu a nkhuku kumbuyo. Atambala ndi misoti amasuzumira m'mipata ya dengu, ulendo wa kumsika, ena mpaka ku Lilongwe. Madzulo msewu womwewo umabweza katundu wina: nkhuku zachizungu, zija timati mabroila, zosadzula kale, zili m'majumbo.

Ine ndimaphunzitsa za ulimi pa sekondale ina yoyendera m'bomali, ndipo msewuwu ndimauyenda kawirikawiri. Kusemphana kwa nkhukuku kumandipatsa maganizo. Yathu yalokolo tikuitumiza kutauni, ife eni ake n'kumadya mapiko ndi zipalapasiro za broila pachiwaya.

Tchuthi chapitachi ndidadya zonse ziwiri m'sabata imodzi. Yoyamba idali kwa mlongo wanga ku Area 25. Adaigula m'sitolo, yowuma ndi chisanu. Itangolowa m'poto idayamba kutulutsa madzi, ndipo pasanathe theka la ola idali itapsa. Mnofu udali wambiri, woyera ndi wofewa, fupa lake lotafunika ngati mzimbe. Koma kukoma kudachokera ku tomato, anyezi ndi zokometsera za m'paketi.

Yachiwiri idali kwa azakhali anga kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi. Ana adathamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe mpaka adamugwira. Azakhali adamuwamba pang'ono pamoto, n'kumuika mumphika ndi madzi ndi mchere basi. Ndidadikira pafupifupi maola awiri. Nditayamba kuyang'anayang'ana kukhitchini adandiseka.

"Aphunzitsi, dekhani. Ameneyu wayenda mudzi wonse, sangapse ngati dzira," adatero.

Msuzi wake udali wachikasu, wonata m'zala, fungo lake lofika kumsewu. Mnofu wa m'ntchafu udali woderako, wofuna mano. Nthutumba adandiikira pambali monga mlendo, ndipo nsima ya mgaiwa idatha osaidziwa.

Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zake. Broila amagulitsidwa ali ndi masabata 6 okha. Amakulira m'khola, chakudya ndi madzi zili pakamwa, ndipo mtundu wake udasankhidwa kuti uzinenepa msanga. Ndi mwanapiye wamkulu thupi. Nkhuku yalokolo imatenga miyezi 5 kapena 6 kuti ifike podyedwa. Tsiku lonse imakhala ikupalasa, kutola chiswe, ziwala, nyongolotsi, masamba ndi madeya. Mnofu wogwira ntchito umada ndi kulimba, monga amachitira katumba wa mlimi. Mitsempha ya nkhuku yokhwima ikawira nthawi yaitali imasungunuka, n'chifukwa chake msuzi umanata. Chikasu cha mafuta chimachokera ku masamba obiriwira amene imadya. Mwachidule, chimene timamva m'kamwa ndi miyezi ndi mayendedwe a nkhukuyo.

Sindikunyoza broila. Wathandiza mabanja ambiri kulawa nyama pakati pa mwezi, ndipo amayi ambiri akulipira fizi ndi khola la nkhuku 50. Ngakhale boma lidayesa kukweza nkhuku zakumudzi pofalitsa zakuda zija za ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, za mtundu wa Black Australorp, kuti zizikulirapo ndi kuikira mazira ambiri. Komabe pa chinkhoswe, akuchimuna ndi akuchikazi akamasinthana tambala ndi msoti, palibe amabwera ndi ya m'jumbo. Ndipo m'malesitilanti a m'tauni, mbale ya lokolo imakwera mtengo kuposa ya broila.

Apa ndi pamene pali nkhani. Anthu a m'tauni akulolera kulipira zambiri pa chinthu chimene chikuyenda pabwalo pathu, koma ife tikuchiweta ngati cholowa cha mwayi. Anapiye amatha ndi akabawi. Zotsalazo zimadikira chitopa, amene amabwera nthawi yotentha n'kusesa mudzi wonse m'masiku ochepa. Mphekesera ya matendawa ikangomveka, aliyense amathamangira kumsika, mavenda n'kumagula pamtengo wolira. Madengu aja amadzaza kwambiri nyengo imeneyi, ndipo nkhuku zodwala zimanyamula matendawa kupita nawo midzi ina.

Chitopa alibe mankhwala ochiza, koma katemera alipo. Wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka, ndipo alangizi a ziweto amadziwa kopezeka kwake. Mtengo wa nkhuku imodzi ungateteze khola lonse. Chofunika n'chakuti mudzi utemere pamodzi, chifukwa nkhuku sizidziwa malire a bwalo. Kakhola kotchingira anapiye m'masabata oyamba nako sikafuna ndalama, koma nsungwi ndi udzu.

Ophunzira anga ndimawauza kuti asamaone nkhuku ya agogo awo ngati chizindikiro cha umphawi. Tikaiteteza, tidzagulitsa pa nthawi yathu ndi pamtengo wathu, n'kutsalabe ndi ina yophera mlendo. Mafumu ndi makomiti a chitukuko, kodi tsiku lotemera nkhuku silingakhale pa kalendala ya mudzi monga lilili tsiku la sikelo ya ana?