Nambala Ziwiri Zotsala

Chiyambire 1997, pamene Eiichiro Oda adayamba kusindikiza One Piece m'magazini ya Weekly Shōnen Jump ku Japan, owerenga akhala akukangana za yemwe adzakwere chombo cha Luffy, mtsogoleri wa achifwamba a panyanja. Mkanganowu udafika mpaka pa chinenero.

M'Chijapani nambala iliyonse ili ndi matchulidwe angapo, kotero mawu amatha kuwerengedwa ngati manambala. Luso limeneli amalitcha goroawase. Owerenga ena adaona kuti maina a zipatso zamatsenga zimene anthu a m'chombomo adadya akutsata dongosolo. Gomu ya Luffy ndi 5 ndi 6, Hana ya Robin ndi 8 ndi 7, Yomi ya Brook ndi 4 ndi 3, pamene Hito ya Chopper ndi 1 ndi 10. Zotsala ndi 2 ndi 9. Pamenepo maso adagwera pa Kuma, mwini chipatso cha Nikyu, ndiponso pa Kin'emon wa chipatso cha Fuku, pakuti maina onse awiri amamveka 2 ndi 9.

Kufufuza kotereku n'kokoma, ndipo wophunzira zinenero sangakunyoze. Komabe mlembi si kapolo wa kamvekedwe ka mawu. Jinbe, amene adalowa m'gululi mu 2020, sadadye chipatso chilichonse. Yamato adalengeza yekha kuti apita nawo, koma mu 2022 adatsalira ku Wano, ndipo owerenga ambiri adadandaula ngati alandidwa mbale wawo. Kin'emon uja, ndi manambala ake omwe, nayenso adatsala pagombe lomwelo.